Injini ya Bambo Idadyedwa ndi Feteleza

Abale ndi alongo mwa Ambuye, ndakupatsani moni nonse. Amene adandilakwira ndi bambo anga aang'ono, a Lufeyo a kwa Dzoole, ndipo dzina sindibisa. Bambo anga ondibala adagwira ntchito ya usodzi ku Salima, nkugula injini ya boti. Atamwalira, tsiku losudzula mayi, a Lufeyo adati katundu ndi wa mbale wawo. Adatenga ngolo, ng'ombe, ndi injini yomwe. Sukulu yanga idathera pomwepo.

Munthu wa kumapiri injini ya boti angaidziwire kuti? Adakaiponya m'chigafa, nkusanjikapo matumba a feteleza, mvula ikudonthera zaka ndi zaka. Atafuna kuigulitsa, ogula adakankha kandodo kolowetsera giya, osasuntha, nkuchokapo. Ndi pomwe adandikumbukira. "Tenga chuma cha bambo ako, uzikawedza nacho m'phiri la Ntchisi." Ana awo adaseka.

Ndidakwera nayo matola mpaka ku Mvera, komwe ndili pachikamwini. Kumeneko zinthu zinali zitavuta kale. Apongozi anali atanena poyera kuti mkamwini wosabweretsa kanthu abwerere kwawo. Kwathu kuti? Chiyembekezo chinali chimodzi: mnzawo wa bambo ku Salima anali ndi boti lopanda injini, ndipo adati ndikabwera nayo yamoyo tizigawana nsomba.

Ndidatsuka pulagi, mkazi wanga Esinati nkudzaza mgolo ndi madzi a pamjigo, poti injini imeneyi sailiza pouma. Nditakoka chingwe mpaka mkono kuwawa, idalira. Koma pulopela yopalasa madzi zii. Kachitsulo kakatali kochokera pa kandodo kaja kutsikira ku magiya kanali katadyedwa ndi feteleza, polumikizira pake pataumirira ndi dzimbiri. Ine mtima wanga ndi wapachala. Ndidatenga hamala. Kadathyoka.

Abale, kutchalitchi ndidasiya. Pemphero lomwe ndidatsala nalo linali lamwano: "Ambuye, ngati mumandida, tangonenani." Apongozi ankasesa pakhomo mokweza fumbi dala. Ndidamanga injini ija panjinga kuti ndikaigulitse kwa ogula zitsulo zakutha, ndikatero ndilongedze.

Pamsika adandiimitsa Che Amidu, Msilamu wogulitsa zipangizo za njinga zamoto, yemwe adakulira kunyanja. Tinali tisanalankhulanepo chiyambire.

"Achimwene, mukataya ng'ombe chifukwa chingwe chaduka? Wachita izi ndani?"

"Feteleza."

"Feteleza wa kwanu amagwira hamala?"

Ndidafuna kupsa mtima, koma iwo anali akumasula kale zingwe. Adati dzimbiri salimenya, amalinyengerera. Tidanyika polumikizira paja m'palafini wosakaniza ndi oyilo wakutha, nkudikira masiku. Kenako kuotcha pang'ono, kugogoda pang'ono, mpaka padamasuka. M'malo mwa kothyoka kaja adapinda kachitsulo ka buleki ya njinga yamoto. Koyamba kadafupika. Kachiwiri kadakwana. Titaiviika mumgolo nkuiliza, ndidakankha kandodo, ndidamva go! Madzi adatithira tonse, ine nkukhala pansi m'matope momwemo, kulira ngati mwana.

Sindikunamizeni kuti ndalemera. Injini imafuka utsi, nsomba zikusowa, mayi anga akulimabe maganyu, ndipo ngolo ija sidzabwera. Koma sindinathamangitsidwe, Esinati ndili naye. Mulungu adayankha pemphero lamwano, kudzera mwa munthu yemwe sindipemphera naye. Ndikuthokoza. Inu amene mwafika pomanga katundu, musafulumire, tapirirani.

A Lufeyo atamva kuti injini ikuyenda, adafika ku Mvera atavala jekete, ati chuma cha banja chibwerere kwa akulu. Ndidapisa manja m'matumba, nkuwayang'ana m'maso.

"Kukumenyani sindikumenyani, a Lufeyo, ndidalonjeza Mulungu. Koma injini simuikhudza, ndipo wokutchulani bambo mukam'peze kwina."