Kangolo ka Amuna Anga

Aulutsi, ndiwerengereniko nkhani yangayi. Ndikulemba kuchokera ku Khuyu, kuno ku Likoma.

Amuna anga anabwerako ku Joni ndi matayala awiri ndiponso chifuwa. Kumeneko anaona Azungu akukoka kangolo kogonamo kumbuyo kwa galimoto, ndiye nawonso anayamba kukhoma kawo kuseri kwa nyumba.

"Mayi, kangoloka tidzakakweza sitima," ankatero. "Tidzayenda m'mbali mwa nyanja kuchokera ku Nkhata Bay mpaka ku Kotakota, tizikagona paliponse pomwe tafuna."

"Nanga galimoto yake ili kuti, bambo? Pachilumba pano ngakhale msewu palibe."

Ankangoseka, kenaka n'kutsokomola. Tsiku lina anandigoneka m'katimo kuti ayeze bedi, anthu akutiseka.

Kangoloko kanayenda ulendo umodzi wokha. Amuna anga atafookeratu, alamu anga anawagoneka momwemo n'kumakakoka pamanja m'miyala, kupita kuchipatala ku Chipyela. Panjira anatsegula maso.

"Mayi, tanyamuka kodi?"

Ndinati, "Inde bambo, tanyamuka."

Kanabwerera kopanda munthu. Anzanga amati ndiziyanikapo chinangwa, koma sindikayandikira n'komwe.

Inu amene amuna anu ali ku Joni, mawu okulimbikitsani ndilibe. Ine migodi inandisiyira matayala awiri basi.