Ndevu Zometa Tsaya Limodzi

Abale ndi alongo, mtendere wa Ambuye ukhale nanu nonse. Ine ndine Esinati wa ku Kadewere. Bambo akhala apowa ndi amuna anga, a Liphava. Zaka zonse za banja lathu sanandisiyirepo chakudya m'mbale. Ngakhale ndiwo zipserere, ankangoti, "Mayi, mwaphika."

Chaka chatha, Lolemba lina, anabwera kuchokera kumunda akukoka mwendo, khasu atalisiya komweko. Nditawafunsa anati, "Ndili bwino." Ndinawaikira mpunga wa nandolo. Anadya mbali imodzi ya mbale, inayo osaikhudza. Ndinakhala kumanzere kwawo n'kuwalankhula. Osacheuka. Mchemwali wanga atatulukira kumanja, anamulonjera akuseka.

Lachiwiri zomwezo. Lachitatu zomwezo. Abale, mtima unandiwawa. Kwathu kuno mwamuna akayamba kusiya chakudya cha mkazi wake, timati akukhuta kwina. Ine ndi mtima wanga wapachalawu ndinati nkhalamba iyi yapeza wina pa Njuli. Mudzi ndi wathu, iwo ndi akamwini. Ndinalonga zovala zawo m'thumba la fetereza, n'kuitana ankhoswe kuti adzatenge munthu wawo.

Lachinayi anafika a Dayisoni, mng'ono wawo, amene ndi nkhoswe yawo. Ine ndikukhuthula madandaulo, iwo maso ali pankhope ya mkulu wawo.

"Achimwene, mwameta liti?"

"Lero m'mawa."

"Nanga tsaya ili mwalisiyiranji?"

Ndinayang'ana. Kumanja kosalala, kumanzere ndevu zili mbuu. Eni ake n'kumalimbikira kuti ameta konse. A Dayisoni anati, "Alamu, apa palibe mlandu. Itanani kabaza."

Ku Nguludi adokotala atawayeza anandikhazika pansi. "Mayi, iyi ndi sitiroko. Mu ubongo muli mitsempha ya magazi, uliwonse umathirira chigawo chake ngati ngalande za m'dimba. Ukatsekeka wa kutsogolo, umafooka kwambiri ndi mwendo. Wa kumbuyo umasokoneza maso. Wa pakati kumanzere umalanda mawu. Abambowa watsekeka wa pakati kumanja. Chilichonse chili kumanzere, kwa iwo kulibe. Mbale, ndevu, ngakhale inuyo."

Kenako anafunsa kuti zinayamba liti. Ndinati Lolemba.

Ndinatuluka panja n'kulira. Masiku anayi, abale! Munthu akudwala, ine ndikumulongera thumba. Ndinachita manyazi ndi Mulungu amene. Ndinati, "Ambuye, ndikhululukireni. Ndibwezereni munthuyu, ngakhale theka lomweli."

Mulungu anamva. Anamwino anandiuza kuti ndizikhala kumanzere komweko, ndiziwaitana mpaka acheuke. Ndinaitana. M'mawa ndinaitana, masana ndinaitana, mpaka ana a m'mudzi anayamba kundiyeserera. Tsiku lina ndikusenda chinangwa pakhonde, ndisanatsegule pakamwa, ndinaona khosi likutembenuka pang'onopang'ono. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Esinati, muli kuno eti? Ndimakufunani." Mpeni unandigwa m'manja.

Lero amamwa mankhwala a bipi osaphonya. Dzanja lamanzere silinabwerere lonse, khasu ndimagwira ndine, iwo amaswa nandolo pakhomo. Alongo anga, mukaona munthu wasintha mwadzidzidzi, kamwa lapotoka, mawu asokonekera, kapena wayamba kuiwala mbali imodzi, musayambire kwa ankhoswe. Thamangani naye kuchipatala tsiku lomwelo.

Za thumba lija a Dayisoni anandisungira chinsinsi, koma zinkandidya mumtima. Mwezi wathawu ndinagwada n'kuwaululira amuna anga ndekha kuti ndinatsala pang'ono kuwapirikitsa.  Iwo anangoseka.

"Mayi, mukanangotaya nthawi yanu. Masiku amenewo ndinkangokhotera kumanja. Ndikanazungulira nyumba n'kudzapezekanso pakhomo panu pomwepa."

Munthu wake ndi ameneyu, abale, ndipo Ambuye andisiyira. Ndithandizeni kuwathokoza. Ameni.