Makina a Mphepo Atsegulidwa Mwera Utathawa

Ayi a Lodwick, ndakumvani, musabisale kuseri kwa chipewa. Mwati mlendo wolemekezeka sangakhale Binali wopalasa njinga yahayala, wothawa sukulu. Nanga sizasi anandipatsa ndani? Si inu nomwe ndi a Tahir, mutakanizana kuyambira m'mawa kuti wa chipani china asadule riboni? Munati tipeze wopanda mbali. Mwapeza ine, wovala malaya a zipani zonse malinga ndi amene wagawa.

Ndiye khalani pansi, ndiyambe mwaulemu.

Olemekezeka a Lodwick, tcheyamani wa chipani cholamula. Olemekezeka a Tahir, tcheyamani wa chipani chimene chikuti chilamula mawa. Olemekezeka Mayi Linda, injiniya wa bungwe limene latipatsa makinawa. A Shehe Abdulkarim, Abusa Mateyu, aphunzitsi amene munandilephera, asodzi, amayi ndi abambo a kuno ku Senga Bay, ndakulandirani.

Ine ndi mphepo tinadziwana kale. Ndili Sitandade 5 ku Lifuwu, mwera unasasula denga la kalasi yathu n'kukaliponya m'munda wa mpunga. Anzanga anasamukira pansi pa mtengo. Ine ndinati ngati denga lenilenilo lachoka pasukulu, ndine yani kuti nditsale?

Lero mphepo yomweyo ayilemba ntchito. Mayi Linda anandifotokozera ndikuwapalasa kuchokera ku Salima. Mphepo ikukankha mapiko atatu mukuwaona m'mwambamo, mapiko akuzunguza chitsulo, chitsulo chikuzunguza jenereta, monga dainamo ya njinga yanga, kungoti wopalasa wake satuluka thukuta ndipo safuna tiyi. Kunja, akuti, makina otere amadzala munda wathunthu, mazanamazana. Magetsi onse amakumana pa thiransifoma, imawakweza mphamvu kuti asatope panjira, n'kuwalowetsa m'mawaya akuluakulu onga aja ochokera ku Nkula. Mmenemo amasakanikirana ngati mitsinje yolowa m'nyanja. Babu silifunsa kuti magetsi awa ndi a chipani chiti, ndipo siligulitsa khadi la chipani.

Ife tayamba ndi amodzi. Mayi Linda anena poyera: babu lili pamtengo apo likayaka, makina enawo abwera kuno, likapanda kuyaka, apita ku Chipoka. Ku Chipoka, abale anga! Ali kale ndi sitima yapamtunda ndi yapamadzi, tiwaonjezere magetsi?

Tsono taonani mapikowo. Ali duu, ngati nduna yochotsedwa ntchito. Chifukwa chake mukuchidziwa. Mwera unavuta sabata yonse, usipa unasowa, asodzi munapita kwa a Shehe Lachisanu kukapempha dua, Lamulungu munapita kwa Abusa, kuopa kuti uku kungachedwe. Onse awiri anapemphera kuti mphepo ileke. Kwa nthawi yoyamba kuno, mbali ziwiri zagwirizana chinthu chimodzi, ndipo chatheka! A komiti nawonso anakathokoza, ati tenti isauluke pamwambo.

Ndiye a Shehe, Abusa, ndagwira mwendo: bwererani komwe munakapemphako, mukanene kuti tinalakwitsa pang'ono. Zikakanika, a Lodwick ndi a Tahir aime pansi pa mapikowo, aliyense abwereze malonjezo ake a pa kampeni. Mpweya umenewo ungayatse mpaka ku Lilongwe.

Musaseke, taonani chipewa cha a Lodwick chauluka! Gwirani tenti! Mapiko aja ayamba, Mayi Linda lembani, lembani msanga! Abusa, mwangoweramitsa mutu basi, mwera n'kubwera?

Mwa mphamvu zimene ndapatsidwa ndi anthu awiri osagwirizana, ndikulengeza kuti makina a mphepo ano atsegulidwa, riboni ndi iyo yaduka. Zikomo kwambiri, nonsenu.

Kodi akukuwa kumbuyoko ndani? Mayi Hasina ogulitsa usipa? Nenani mayi, ndi demokalase.

"Babu layaka, taliona! Koma amuna anga ali pakati pa nyanja ndi bwato. Iwe Binali, swichi yozimitsira mphepo yakoyi ili pati?"