Moto umene ndinkatumiza ku Chanyanya

Moni nonse amene timakhala limodzi pamkeka Loweruka, ndi inu amene mukuwerenga mobisa kuopa abusa. Ndine uja wa ku Nangongwe amene anapita ku koleji kukatenga dipuloma n'kubwerako ndi matiresi okha. Matenda anga anali kugwa. Mtima unkayamba kuthamanga, mpweya n'kukana kulowa, kenako ndinkadzidzimuka ndili pansi anthu akundikupiza ndi makatoni. Namwino kuchipatala anati ndi mantha. Kunyumba anati mantha alibe adiresi, koma mfiti ili nayo.

Adiresi inapezeka: ba Tisa, mlongo wa atate, wogulitsa nsomba ku Chanyanya. Mlandu wawo unali wondipatsa nsomba zouma tsiku lopita ku koleji. Kuyambira pamene anatchulidwa ufiti, pemphero langa linali limodzi, lobweza moto kwa amene anautumiza. Ndinkalifuula mpaka mawu kusasa, koma kugwa kunkangochuluka. Tsiku lina mkulu wanga Mabvuto anaika chigubu cha petulo kuseri kwa chitseko. "Ukagwa futi, tiyenda ku Chanyanya," anatero. Sanaseke. Nyumba ya ba Tisa ndi yaudzu.

Namwino uja ndiye anandiuza za famu ina kunja kwa Kafue, kumene otsatira chiphunzitso cha Buda amagonera masiku angapo osalankhula. Sindinapite ndi chikhulupiriro. Ndinkafuna malo ogwera kumene Mabvuto sangaone.

Pakhomo anatilanda mafoni, natilonjezetsa kusapha chamoyo chilichonse, ngakhale udzudzu. Udzudzu wa ku Kafue unamva uthengawu n'kubwera ndi achibale. Ntchito yathu inali kukhala pansi n'kumamvetsera mpweya ukulowa ndi kutuluka.

Chinthu chondigwetsa chija chinandipeza masana ena, holo ili zii. Manja anazizira, chifuwa chinamangika. Pakamwa panali potsekedwa ndi lamulo, choncho ndinayamba kubweza moto chamumtima, ndipo mtima unathamanga kuposa kale. M'maso mwanga denga la ba Tisa linali litayamba kufuka. Mphunzitsi wathu, mayi wometa mpala, anagwada pambali panga n'kunong'ona: "Osachipirikitsa. Chione chabe. Chili pati?" Chinali pachifuwa. Kenako pakhosi. Kenako m'zala, ngati nyerere. Ndinachiyang'anitsitsa chikuyendayenda ngati mlendo wosokera nyumba, mpaka chinatopa n'kupita. Ndinatsala chikhalire.

Chakumapeto anatiphunzitsa kufunira anthu zabwino: uyambe ndi iwe mwini, kenako amene umamukonda, pomaliza mdani. Nditafika pa ba Tisa, mawu akuti "mukhale pamtendere" anandiima pakhosi ngati munga wa nsomba. Ndinawabwereza mokakamiza, mpaka ndinakumbukira manja awo akundisankhira nsomba zija, akubweza zazing'ono m'dengu. Ndinalira, ine munthu wa maphunziro apamwamba osamaliza.

Nditabwerera ndinauza Mabvuto kuti tiyende ku Chanyanya. Sanafunse, anangonyamula chigubu. Titafika ndinatsogola, ndinakhala pakhomo pa ba Tisa n'kupempha chakudya. Anayang'ana ine, anayang'ana chigubu.

"Suniyopa?"

"Niyopa, ba anti. Koma nili na njala."

Ndinadya nsomba yonse ya m'manja mwawo, ndi mutu womwe. Mabvuto anaima poteropo kudikira kuti ndigwe. Anadikira mpaka miyendo inamuwawa, nakhala pa chigubu chake. Ba Tisa anamupatsa madzi osamba m'manja. Petulo uja anathera mu injini ya bwato lowabweretsera nsomba.

Chinthu chija chimabwerabe nthawi zina, ndipo ndimachifunsa kuti chili pati. Ndikuthokoza namwino, mphunzitsi wathu, ndi ba Tisa amene sanandifunsepo za moto wonse uja. Inu amene muli ndi chigubu kuseri kwa chitseko, musataye mtima. Khalani pansi, pumani, mawanso mukhale. Dipuloma ndilibebe, koma denga la ba Tisa lilipo.