Lole Itakana Kuyenda ndi Maliro a Amuna Anga

Abale ndi alongo mwa Ambuye, mtendere ukhale nanu nonse. Ine ndine mayi wamasiye wa ku Ndunde. Ndikufuna ndikuuzeni za tsiku limene ndinatchedwa mfiti pakati pa msewu, bokosi la amuna anga lili pomwepo.

Amuna angawo anadwala chifuwa nthawi yaitali. Ndinkawasambitsa ndi kuwatembenuza ndekha, abale awo osaponda n'komwe pakhomo. Koma atangomwalira, onse anatulukira ngati ngumbi. Patsogolo panali mlongo wawo, a Esinati, akuti ine ndinawadya achimwene awo.

Maliro tinkapita nawo kwawo ku Mbulumbuzi pa chilole chakale cha asilikali, chimene bambo wina, a Namate, anagula pa okushoni n'kumanyamulira nandolo. Titafika pachitunda china, matayala akumbuyo anangogwira, lole n'kuima. A Namate anati mpweya wa mabuleki ukuthawa, ndipo galimoto zotere mpweya ukachepa, mabuleki amadzimanga okha. Ndani akanawamvera? Kwathu kuno galimoto ya maliro ikaima, amati womwalirayo wakana kuyenda ndi amene anamupha.

"Atsike ameneyu!" anakuwa a Esinati. "Achimwene akukana. Atsike tione ngati siyenda!"

Anandikoka chitenje n'kunditsitsa ngati thumba la madeya. Wina anandilavulira. Anthu amene ndinkaimba nawo kutchalitchi anangoweramitsa mitu.

A Namate anaponda moto kuti mpweya udzaze m'thanki. Lole inayamba kuyenda, ine ndili pansi. Anthu anakuwa kuti, "Mwaonatu!" Abale, pamenepo ndinafa ndili moyo. Ndinadziwa kuti ikangopita, sindiika nawo amuna anga m'manda, ndipo ana anga adzakula akutchedwa ana a mfiti. Ndinagwada m'fumbi momwemo. Sindinapemphere mokoma ayi, ndinali nditapsa mtima. Ndinati, "Ambuye, Inu mukudziwa amene ankachapa zofunda zija. Musalole kuti ipite."

Sinapite patali, inagwiranso. A Namate anazimitsa injini, nyimbo zinatha, kunangoti zii. Kenako a Esinati anatchera khutu n'kulumpha.

"Tamverani! Njoka yake ikulira pansi apa. Wabwera nayo!"

Azibambo anatola miyala, ena akuyang'ana pansi pa lole, ena akuyang'ana ine. Koma a Namate anangofunsa kuti, "Mayi, mukuimva pati?" A Esinati analoza. Bambowo anapempha madzi a sopo panyumba yapafupi, n'kukwawira pansi, n'kumapaka paipi iliyonse. Pafupi ndi thanki panatuluka thovu lambirimbiri. Paipi yamphira inkakhulana ndi chitsulo mpaka inabooka, ndipo ndi phokoso la injini ndi nyimbo, palibe amene ankamva mpweyawo ukutuluka.

"Bwerani muione njoka ija, mayi," anatero a Namate.

A Esinati sanasunthe. Miyala inayamba kugwa pansi umodziumodzi. A Namate anamanga pobookapo ndi chubu cha njinga ndi waya, analiza injini, kamuvi koonetsa kuchuluka kwa mpweya kanakwera n'kukhazikika. Ndiye anatulutsa mutu pawindo n'kunena kuti, "Anamfedwa akwere. Popanda iwo ine sindinyamuka."

Ndinakwera, ndinakhala kumutu kwa bokosi. Tinayenda pang'onopang'ono, koma sitinaimenso mpaka ku Mbulumbuzi.

A Esinati sanapepese mpaka lero. Tikakumana kumsika amayang'ana kumbali, ndipo sindinama, mtima umandiwawabe. Kukhululuka ndikukupemphererabe. Koma ndikuthokoza Mulungu amene anatenga khutu la munthu wodana nane n'kundipulumutsa nalo. Inu amene mukunamiziridwa lero, musataye mtima, gwadani ngakhale muli ndi mkwiyo, Iye amamva. Ine amene ananditsitsa pamsewu, nkhata yoyamba pamanda a amuna anga ndinaika ndi manja angawa. Ameni.