Ndinkabisira Dokotala Ululu Ngati Ndili pa Perete

Abale ndi alongo mwa Ambuye, landirani moni kuchokera kuno ku Golomoti. Ine ndine msilikali wopuma ntchito, ndipo ndikufuna ndikuuzeni za matenda opanda dzina amene ndinabwera nawo kuchokera kunkhalango za ku Congo, komwe anatitumiza kukasungitsa mtendere.

Ndinabwerera wamoyo, wopanda bala, koma thupi silinalinso langa. Mfundo zonse zinkaphwanya, manja ankanjenjemera, mutu unkawawa ngati wina akukhoma msomali. Ndikalima mzere umodzi wa thonje ndinkagona tsiku lonse. Kuchipatala anandiyeza malungo, shuga, magazi, chifuwa, zonse ankati zili bwinobwino. Nanga munthu ungamuuze chiyani pepala likunena kuti sukudwala?

M'mudzi munayamba manong'onong'o. Ena ankati ndinapha munthu kunkhondo, mzimu wake ukunditsata. Ena ankangoti ndi ulesi. Mayi a kunyumba anapirira, kenaka anatopa, anabwerera kwawo ku Ntcheu. Sindiwada. A mpingo anabwera masiku oyamba, koma matenda osatha amatopetsa ozonda. Ndinkatha sabata yathunthu osayankhula ndi munthu. Ndinasungulumwa, abale, moti ndinkalakalaka ngakhale wina angobwera kudzanditukwana.

Kenaka anandiitana kumzinda kuti madokotala a usilikali akandiyeze, aone ngati ndili woyenera chithandizo cha asilikali amene anavulala pa ntchito. Apa m'pamene usilikali unandipweteka. Ife anatiphunzitsa kuti pamaso pa bwana sukwinya nkhope, ngakhale nyerere ikulume m'khutu. Ndiye ndinakonzekera ngati ndikupita pa perete. Ndinameta, ndinasita malaya ndi ayironi ya makala mpaka mizere kuthwa, nsapato ndinazipaka polishi mpaka kuwala. Pakhomo pa chipatala ndinameza mapilitsi a ululu mowirikiza kuti ndisachite manyazi.

Dokotala anati ndikweze manja, ndinakweza, mano ndili gwa! Anati ndinjute, ndinanjuta n'kudzuka msangamsanga. Anandifunsa ngati ndimayenda mtunda wautali, ine chilili njo, "Inde bwana!" Yankho linabwera loti ndine wamphamvu, palibe chithandizo.

Ndinadandaula, ndipo patapita nthawi yaitali anandipatsa mwayi wachiwiri, n'kundiuziratu kuti ndi womaliza. Ndikakalephera, ndiye kuti kulibe mankhwala, kulibe chakudya, munthu woti khasu linandikana kale. Ndinagwada m'nyumba mwanga ndekha, ndinati, "Ambuye, Inu mukudziwa kuti sindikunama. Koma mboni ndilibe."

Dzulo lake la ulendo ndinakhala pakhonde masana, ndikupakanso polishi nsapato zomwe zija. Inde, sindinaphunzirepo kanthu! Kunatulukira Che Amidu, msodzi wachisilamu amene amakhala kuseri kwa munda wanga. Sitinali pa chinzake chenicheni, tinkangopatsana moni. Koma ndi iwowo amene ananditolapo nditagwa panjira yochokera kumjigo, n'kundikweza pa njinga yawo ya nsomba.

Anaima, anayang'ana nsapato, anayang'ana malaya pachingwe.

"Asilikali, mawa mukukafunsira mbeta kapena mukupita kuchipatala?"

Ndinawafotokozera zonse, ndi za ulendo woyamba womwe. Anaseka mpaka kugwira mzati, kenaka nkhope inasintha.

"Wallahi, achimwene, munadzipha nokha. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Nanga wokuperekezani ndani?"

Ndinati palibe. Kwathu kuno wodwala sapita yekha kuchipatala, aliyense amakhala ndi womuyang'anira, ndipo kuyankha kuti palibe kunandiwawa kuposa mfundo zanga. M'mawa ndinangowapeza pasiteji ya minibasi atavala mkanjo wawo woyera. Anasiya bwato pamene usipa unali utagwa wambiri m'nyanja, chifukwa cha ine, munthu wa chipembedzo china.

Mankhwala ndinamwa mlingo wa masiku onse, osawonjezera. Tikufika kumzinda n'kuti msewu utandiphwanya kale. Dokotala wa tsikulo anali mayi, nyota za udindo zili paphewa, ndipo nditangomuona msana wanga unawongoka wokha. Anati ndikweze dzanja. Linafika paphewa, ululu unalasa, ine ndinaluma mano kuti ndilikankhe monga kale. Kumbuyo kwanga Che Amidu anatsokomola.

Ndinaliimitsa pomwepo. Linayamba kunjenjemera pamaso pa onse.

"Bwana," ndinatero, "apa sindingapitirire."

Chilowereni usilikali mawu amenewo anali asanatulukepo pakamwa panga. Misozi inangoyamba yokha, bambo wamkulu ndevu pepeya. Dokotala anakoka mpando n'kuti ndikhale. Ndinamuuza zonse: kugwa panjira, kuiwala mphika pamoto, masiku amene ndimalephera kumanga mabatani a malaya. Anafunsanso Che Amidu zimene anaona, iwo anafotokoza mosawonjezera.

Pomaliza mayi uja anati, "Bambo, dzina la matendawa sitinalipezebe, ndipo si inu nokha mwa amene anabwerako ku Congo. Koma mukudwala, ndaona ndi maso anga."

Abale, mawu oti "mukudwala" ena amawaopa, koma ine ndinawalandira ngati mvula yoyamba. Zaka zonsezo ndinkangofuna munthu mmodzi andikhulupirire.

Chithandizo chinavomerezedwa. Sindinachire, ndisakunamizeni, manjawa akunjenjemerabe pamene ndikulemba. Koma mankhwala ndimalandira, waganyu wolima m'munda ndimatha kumulemba, ndipo madzulo ena Che Amidu amadzasokera ukonde wawo pakhonde panga, tikumakangana za mpira.

Ndikuthokoza Mulungu amene anayankha pemphero langa kudzera mwa munthu amene sindinamuganizirepo. Inu amene mukudwala matenda oti anthu sakuwaona, musataye mtima, pempheranibe. Ndipo anzanga amene tinavala yunifomu, pali mmodzi wa gulu lathu amene tinamuika m'manda akunenabe kuti ali bwino. Chonde, tisaikenso wina chotero. Pamene pakuwawa nenani kuti pakuwawa. Ambuye akusungeni nonse. Ameni.