Tulo Tanga Ndinakatipeza ku Zobuwe

Abale ndi alongo anga mwa Ambuye, landirani moni kulikonse kumene muli. Ine ndine bambo Mbewe a kwa Nthache, kuno ku Mwanza. Kulemba ndinaphunzira mochedwa, kusukulu ya kwacha, imvi zitamera kale, choncho mundipirire pamene mawu akhota. Ndikufuna ndikuuzeni za matenda osaoneka pakhungu, kusowa tulo. Ndavutika nako zaka zambiri, ndipo chaka chathachi kunatsala pang'ono kundipha.

Ndinkapita kukagona nkhuku zitangolowa, koma maso ali gwa. Ndikati ndisinzeko, ndinkadzidzimuka mtima ukugunda, mphuno zikumva utsi pomwe palibe moto. Masana ndinkayenda ngati woledzera. Tsiku lina ndinasinza pa njinga potsetsereka, n'kugwera m'ngalande pamodzi ndi thumba la makala. Akazi anga, a Nabanda, anandisambitsa mabala akulira.

Aliyense ankapereka nzeru za kwawo. Alamu anga achingoni anati makolo akufuna tiwafululire mowa. Mnansi wathu wachilomwe anabweretsa mizu yoti ndizisamba. Kutchalitchi anandipempherera kangapo. Ine ndinkangovomera zonse, koma chimene chinkanditsekula maso ndinkachidziwa, ndipo ndinali ndisanauzepo munthu, ngakhale akazi anga.

Nthawi ya nkhondo ya ku Mozambiki kunabwera anthu ambiri othawa. Mmodzi mwa iwo anali Juwawo, Mnyungwe wamtali wosalankhulalankhula, ndi mkazi wake Mariya. Analowa m'gulu lathu lootcha makala. Inu amene simunaotchepo makala, dziwani kuti uvuni ukayatsidwa umafuna wolondera. Dothi likang'aluka n'kulowa mphepo, uyenera kutseka msanga, kupanda kutero mitengo yonse imasanduka phulusa. Olondera tinali awiri, ine ndi Juwawo, mosinthana. Usiku wina, ulonda uli wanga, ndinadzera kumowa, ndipo nditafika ku uvuni ndinagona pansi pa mtengo. Kutacha, ntchito ya milungu itatu ya amuna asanu inali phulusa lokhalokha.

Anzathu atafunsa, ndinati linali tsiku la Juwawo. Iye anangondiyang'ana, osanditsutsa. Anthu anamunena kuti ndi waulesi, ena anati wachita dala, ndipo panalibenso womupatsa ganyu. Patapita miyezi yochepa anatenga banja lake n'kubwerera kwawo mfuti zikulirabe. Pambuyo pake tinangomva kuti anamwalira. Ine mumtima ndinati, ndamupha ndine.

Nditagwa pa njinga paja, ndinapemphera pemphero loipa. Ndinati, Ambuye, ngati tulo simundipatsa, ingonditengani. Koma a Nabanda sanandilole kungokhala. Anandikweza minibasi kupita kuchipatala cha ku boma.

Adokotala anali mayi wachitumbuka wochokera kumpoto. Anapeza kuti magazi anga akuthamanga kwambiri. Polemba mankhwala anati, "Agogo, muno timalandira anthu a mitundu yonse, ndipo kusowa tulo aliyense amabwera nako ndi dzina lake. Wina amati afiti amamukhalira pachifuwa. Wina ndi mkonono womutsamwitsa, iye osadziwa, wodandaula ndi mkazi wake. Kwathu ena amathamangira kung'oma zochotsa mizimu, a m'maofesi amati sitiresi. Mapiritsi ndikupatsani, koma ngati pali chimene mwasunga mumtima, kumeneko mapiritsi safikako." Ndinangozyolika.

Tili pamzere wolandirira mankhwala, kumbuyo kwanga kunali mayi wina wolankhula Chichewa chosakaniza ndi Chinyungwe. Anati amagulitsa tomato ku Zobuwe, kutsidya kwa malire. Sindidziwa chimene chinatsekula pakamwa panga. Ndinamufunsa ngati akudziwa Mariya, mkazi wa malemu Juwawo, amene anakhalako kwa Nthache. Iye anati, "Dona Mariya wa mandasi? Amene uja samudziwa ndani? Amakhala kuseri kwa msika." Zaka zonsezi ndinkaopa kufunsa, ndipo Mulungu anandiyankhira pamzere wa mapiritsi.

Titafika kunyumba ndinawaululira a Nabanda zonse. Nditamaliza, iwo anati, "Ndiye ine ndakhala ndikuwiritsa mizu zaka zonsezi, mankhwala ali ku Zobuwe? Gwirani tambala wofiira uja, mawa tinyamuka."

Tinafika dzuwa litakwera. Mariya anali atakalamba ngati ine, koma anandizindikira ndisanatchule dzina. Ndinagwada pabwalo pake, ndipo ndinanena zonse, za mowa, za bodza, osabisa kanthu. Ndinkayembekeza kuti andithamangitsa. Iye anapukuta manja pa chitenje nati, "A Mbewe, mukuyesa mwabweretsa nkhani yatsopano? Tsiku limene lija kunawomba mphepo yambiri, ndiye Juwawo anadzuka kukakuthandizani. Anapeza uvuni wapsa kale, inu mukuliza mkonono. Anakufunditsani thumba n'kubwerera."

Abale anga, ndinakumbukira. M'mawa uja ndinadzuka nditafunda thumba, ndipo sindinadzifunsepo kuti linachokera kuti. Ndinalira ngati mwana. Ndinafunsa chifukwa chake sananditsutse pamaso pa anthu. Mariya anati, "Anati inu ndinu eni mudzi, manyazi akadakukhalirani moyo wonse, pomwe ife tinali odutsa. Ine ndiye ndinakutukwanani, zaka ndithu, mpaka ndinatopa. Tinavutika, a Mbewe, musaganize kuti sitinavutike. Koma sanafe ndi mfuti ayi. Anamwalira nkhondo itatha kale, ataona adzukulu ake."

Analandira tambala uja. Titadya, ndinati tiyambepo, koma iye anakana. Anati kwawoko munthu wodzapepesa sabwerera dzuwa lili pamutu, ndiponso masana anthu amapuma. Anandiyalira mphasa pansi pa mtengo wa mango. Ndinagonapo mongolemekeza mwini nyumba, podziwa kuti kwa ine tulo kulibe. Podzuka, mbuzi zinali kubwerera kukhola. A Nabanda amati iwo ndi Mariya anasinja chimanga pafupi ndi mutu wanga, ine osatembenuka n'komwe.

Sindikuuzani kuti zonse zinathera pomwepo. Mapiritsi ndikumwabe tsiku ndi tsiku, ndipo masiku ena ndimadzuka tambala asanalire. Koma utsi uja sindiumvanso. Lamlungu lina ndinaimirira m'tchalitchi mwathu, pamaso pa ana a anthu amene ndinkaotcha nawo makala, ndipo ndinayeretsa dzina la Juwawo. Panali nkhalamba imodzi yokha yomukumbukira, koma ndinanenabe.

Ndikuthokoza Mulungu amene sanamvere pemphero langa loti anditenge. Ndikuthokoza adokotala aja, mayi wa tomato amene dzina lake sindilidziwa, ndi a Nabanda amene sanandisiye atamva chimene ndinali. Inu amene mukuvutika ndi tulo, kaya ndinu Mngoni, Mlomwe, Msena kapena mtundu uliwonse, musataye mtima. Pempherani, ndipo pitani kuchipatala akakupimeni, chifukwa si wosowa tulo aliyense amene ali ndi mlandu ngati ine. Koma ngati pali munthu amene munamulakwira, musadikire monga ndinachitira ine. Mariya ndinamupeza. Juwawo ndinachedwa naye. Nyamukani pamene wanuyo akadali ndi makutu okumverani. Ambuye akudalitseni nonse.